Munabayitsa Mwakachetechete, Achimwene

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tikupuma, ndingotero. Amayi miyendo ikuwavutabe koma akuyenda. Za abambo ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndilembe.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni mumandidula mawu, mumaseka, zikafika pothina mumati netiweki yavuta. Pepala simungalitseke pakamwa.

Zoti abambo anatuluka m'chipatala munamva. Chimene simunamve n'chakuti munthu tabwera nayeyu si uja munamusiya. Kuchoka pabedi kuti akafike pakhomo, amaima panjira atagwira khoma. Dzulo anaumirira kuti ndiwaperekeze kushopu kwawo. Anakhala pamakina osokera, n'kuika thalauza la kasitomala pansi pa singano, n'kuyamba kuponda. Sanamalize ngakhale mwendo umodzi. Anatsamiritsa mutu pamakinapo, chifuwa chikulira ngati chitseko chadzimbiri. Telala amene ankasoka mayunifolomu a sukulu yonse osadzuka pampando! Ndinayang'ana kumsewu kuti asaone nkhope yanga.

Mukudziwa mmene tinafikira apa, koma ndikukumbutsani.

Katemera wa korona atafika, abambo sankakana. Mantha anali nawo, inde, monga aliyense. Wowotcherera zitsulo woyandikana nawo shopu uja anamwalira atangobayitsa kumene, anthu n'kumati ndi jakisoni, ngakhale mkazi wake yemwe ankanena kuti mtima unayamba kumuvuta kalekale. Komabe namwino amene amawapatsa abambo mankhwala a shuga anakhala nawo pansi, n'kuwauza kuti anthu a matenda ngati awowo ndi amene korona ikuwagwetsa kwambiri. Anamva. Anapita ndithu, n'kuima pamzere m'mawa wonse, pofika kutsogolo n'kuuzidwa kuti katemera watha, abwerenso sabata yamawa. Anabwerera akung'ung'udza, koma anati apitanso.

Sabata imeneyo ndi imene munayamba kutumiza mauthenga anu a mawu pagulu la banja lija la pafoni. Munati kumeneko mukuona ndi maso anu, anthu obayitsa akugwa m'misewu. Munati mayiko olemera akufuna kutichepetsa. Munati mkazi akabayitsa ndiye kuti za ana aiwale. Munatumiza mpaka kanema wa munthu supuni itamumatirira pamkono.

Abambo ankamvetsera mobwerezabwereza, n'kumamvetsanso makasitomala odzayesa zovala. Ine ndikati ndilankhule, ati iwe ukudziwa chiyani, ntchito yako n'kuluka tsitsi, mkulu wako anaphunzira, ali kunja, akuona zimene ife sitiona. Nditabayitsa ine, mkono unawawa, thupi linatentha pang'ono, mawa lake ndinali kusaluni ndikuluka. Amayi anatha mwezi akundiyang'ana chammbali, kudikira kuti ndigwe. Kapu yanga ankaitsuka payokha.

Abambo sanapitenso kukabayitsa. Nanga atadwala koronayo, munali kuti? Ine ndi amene ndinkaima pawindo la wodi, poti mkati sankatilola. Ndinkawaona pagalasi, chowathandiza kupuma chili kumaso, maso akufunafuna munthu womudziwa. Pabedi loyandikana nalo lawo panagona anthu osiyanasiyana ine ndikuona, ndipo si onse anatuluka akuyenda. Inu munatumiza vesi ndi kachithunzi ka manja opemphera.

Zonsezi ndikanameza, Achimwene. Ndikanati munanamizidwa ngati anzathu ambiri. Kusaluni ndimamva zoterezi tsiku lililonse, ndipo azimayi amenewo sindikwiya nawo. Wina amaopa kuti sadzabereka, wina abusa ake anamuletsa, wina amangoti boma linayamba liti kutikonda mpaka kutipatsa chinthu chaulere. Koma iwowa akakana, amakana ndi mkono wawo womwe.

Lachitatu alamu anandiimbira kufunsa za abambo. Tikucheza, ndinawauza kuti namwino akuti abambo akapeza mphamvu adzabayitsebe. Alamu, osaganiza kanthu, ati ndi bwino, koma akonzekere kutentha thupi, chifukwa ngakhale achimwene ako jakisoni wachiwiri anawagoneka tsiku lonse.

Ndinati mwati chiyani?

Apo anayamba kukonza, ati kuntchito anachita kuumiriza, ati wopanda khadi la katemera sankalowa pageti. Ndinafunsa kuti zinachitika liti. Anatchula mwezi. Mwezi womwewo, Achimwene. Mwezi umene munkatiuza kuti anthu akugwa m'misewu.

Ndiye kuti munkavula jekete, n'kupinda malaya, n'kupereka mkono, potuluka n'kutenga foni kuopseza nkhalamba yodwala shuga? Ngati munkakhulupiriradi kuti ndi poizoni, munabwereranji kachiwiri? Mutaona kuti simunafe, munakhaliranji chete? Ntchito yanu munaiteteza. Mapapo a bambo anu munawasiyira ndani? Kapena munaona kuti kubweza mawu pagulu limene limakutamani kuti ndinu ophunzira n'kolemera kuposa bokosi la maliro?

Alamu musawakalipire. Sanaulule chinsinsi, anangolankhula ngati munthu amene saganiza kuti mwamuna wake angabisire makolo ake chinthu chotere.

Abambo ndawauza. Ndinadikira kuti amalize kudya. Anayamba kusisita bondo. Kenako anandifunsa ngati mkono wanu unatupa, ngati panopa muli bwinobwino. Taonani! Munthu wolephera kupuma, koma akufunsa za mkono wanu. Nditawayankha kuti muli gwa, anati ndikamufunse namwino tsiku limene angapite kukabayitsa. Kuchokera pamenepo sanakutchuleninso. Mukaimba amati ndikuuzeni kuti agona. Sakhala atagona.

Amayi ndiye akanitsitsa. Akuti mwana wawo sanganame. Akuti ine ndi alamu tapangana, akuti jakisoni uja wandisokoneza mutu. Amayiwa magazi amawathamanga, mukudziwa. Tsiku ndi tsiku amakwera basi yodzaza kupita kumsika, kumene amalandira makasitomala maso ndi maso, chophimba pakamwa chili pachibwano. Korona yayambiranso mumsewu mwathu, nyumba yoyang'anana nayo yathu muli odwala. Ndawachonderera, ndalira, namwino wayesa. Yankho lawo ndi limodzi: sabayitsa pokhapokha atamva pakamwa panu.

Choncho pempho langa nali. Phukusi lanu la zovala sindikulifuna, kupepesa kwa ine sindikukufuna. Aimbireni amayi pavidiyo, muwaonetse khadilo, muwauze nokha kuti munabayitsa kawiri ndipo muli moyo. Mukatero mulankhulenso pagulu lija, mokweza ngati mmene munkachitira, chifukwa azakhali ndi amalume nawonso pokana amatchula inu. Muchita manyazi, ndikudziwa. Manyazi sagoneka munthu m'chipatala.

Ndikuuziretu: amayi akadwala inu mudakali chete, ine sindidzakuimbirani. Mudzamvera kwa anthu apanjira.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti ndathokoza. Ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Mulungu akusungeni, akupatseni moyo wautali, akuwonjezereni ndi kulimba mtima kokwanira kuimba foni imodzi.

Ndine mlongo wanu,
wokwiya, koma wanube.