Mapilisi a Bonifasio

Lolemba, 16 Seputembala 2024

Kutentha kwayamba kale. Magetsi kulibe. Giredi 12 yanga ya bayoloje ndayamba nayo mutu womaliza, wa kusintha kwa zamoyo. Ndisanalembe n'komwe pabolodi, Tenson wa kumbuyo uja wati, "Madamu, ife makolo athu sanali anyani." Ndamuuza kuti palibe wanena zimenezo, ife ndi anyani ndi pachisuweni chabe, kholo limodzi kalekale. Kalasi yonse kuseka. Chaka chilichonse chimakhala ndi Tenson wake.

Kunyumba ndapeza mlongo wanga Bonifasio wabwerako ku kampu ya asodzi kuseri kwa tawuni ya Zumbo. Mafupa okhaokha. TB ija yabwerera. Mapilisi a miyezi isanu ndi umodzi anapita nawo kukampu, akuti anamaliza. Ponena zimenezi amayang'ana pansi. Ndachita mantha.

Lachinayi, 19 Seputembala

Lero ndaphunzitsa ndi ukonde, poti ana a kuno buku salikhulupirira koma ukonde amaudziwa. Nsomba imaikira mazira ambirimbiri. Ana ake safanana, ena amayamba kuswana atakula, ena akali aang'ono. Ukonde umakola zazikulu. Zazing'ono zimapulumukira m'maso mwa ukonde, n'kuswana, ana n'kutengera makolo. Pakapita mibadwo, mumtsinje mwadzaza tinsomba tosakwana chikhatho. Palibe nsomba imene inaganiza zochepetsa thupi. Ukonde ndiwo unasankha, nawonso osadziwa kuti ukusankha. Amva. Ngakhale Tenson wavomera kuti atate ake amadandaula zomwezo.

Mlamu Josefina wamuperekeza mwamuna wake kuchipatala, asiya makhololo kuti ayezedwe. Chakudya Bonifasio wangolawa.

Lachitatu, 25 Seputembala

Zotsatira zabwera. Tizilombo take sitikumvanso mankhwala aja. Anesi andifotokozera pang'onopang'ono chifukwa chake. Ndangogwedeza mutu, chonsecho ndi zomwe ndikaphunzitse mkucha.

Panjira Bonifasio wavomera. Anamwa miyezi iwiri, anapezako bwino, basi. Ndafunsa kuti otsalawo ali kuti. Wasintha nkhani. Ndamukalipira pamsika pomwe, azimayi a nsomba akuyang'ana. Munthu ndinamubereka kumsana ine, lero akundizemba ngati ndine wapolisi.

Amupatsa mankhwala ena amphamvu. Akuti awa akakanika, zotsala n'zochepa.

Lachisanu, 27 Seputembala

Phunziro la tizilombo ndi mankhwala. Tenson wafunsa ngati mankhwala ndiwo amaphunzitsa tizilombo kulimba. Iyayi. Tolimbato timakhalapo kale, tinangobadwa choncho mwangozi, tochepa pakati pa miyandamiyanda. Mapilisi osiyanasiyana pamodzi, tsiku ndi tsiku mpaka kumapeto, amatimaliza tonse. Ukadukiza, timene timafa ndi tofooka tokha. Tolimba wangotipalirira munda, tiswane bwino popanda wotipanikiza.

Pamenepo ndinatembenukira kubolodi n'kupukuta m'maso. Ndinanamizira fumbi la choko.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Mmawa uliwonse ndimaima pamaso pake mpaka ameze, kenako ndimamuyasamitsa ngati khanda. Amasanza, amanyinyirika, koma wayamba kudya. Dzulo ndinamupeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa msawu, akuimba molakwitsa monga mwa nthawi zonse. Mtima unakhalako pansi.

Mayeso ayandikira, ndiyamba kulawirira kusukulu. Zoyang'anira mapilisi ndasiyira Josefina. Mkazi wabwino, kungoti mwamuna wake akanena kanthu sabweza mawu.

Sondo, 3 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Bonifasio thukuta la matendawa lamubwerera, magazi pachitenje chimene amatsokomolera. Josefina walira, waulula. Tsiku lina amameza, tsiku lina amasunga m'kapulasitiki n'kupatsira anyamata a boti ya ku Zumbo. Mapilisiwo akupita kwa Silvestre, mnzake wa bwato limodzi, amene akutsokomola kukampu, chipatala kutali. Oyamba aja anapitanso komweko.

Kukampu ndi mmene amakhalira. Mchere, fodya, nyambo, ufa, zonse pakati. Wobisa chake samukwezanso m'bwato. Ndiye mapilisi nawonso anawaika pakati, ngati mchere.

Ndamufotokozera ngati tili m'kalasi. Theka iwe, theka iye, mufa nonse awiri, topulumuka ndi tizilombo. Iye wandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye sukulu yanu ikuti wolimba akhale, wofooka afe? Asisi, ine sindine kachilombo." Maganizo amenewa ndimawadula ndi bolopeni yofiira chaka ndi chaka. Phunziroli limangonena zimene zimachitika, siliuza munthu chochita ndi mnzake. Ndakwiya, ndipo ndikumunyadira, zonse pamodzi, mpaka mutu ukundiwawa.

Tapangana chonchi: ameza onse osasiyako, ine ndituma a boti akamutenge Silvestre adzayambe mankhwala akeake kuchipatala kuno. Azigona m'kitchini mwanga, zilibe kanthu.

Loweruka, 9 Novembala

Boti yabwera yopanda Silvestre. Anamuika Lachitatu. Woyendetsa boti wavula chipewa, wanditonthoza kuti ndisadandaule, mapilisi otsala sanawonongeke. Agawana amuna atatu amene nawonso ayamba chifuwa. Ndinakhala pansi padoko pomwepo, pamatope.

Bonifasio sanalire, mpweya wolirira alibe. Wameza onse a lero popanda womukakamiza. Anesi akufuna makhololo ena Lolemba, ndawauza zonse.

Madzulo wandiitana pamphasa pake. Osaseka, osakwiya. "Asisi, inu mumaphunzitsa zimenezi. Mwa ine mwatsala tizilombo totani?"

Ndati sindikudziwa. Mwana aliyense wa m'kalasi mwanga akanamuyankha.