Batire la galimoto ya Bambo ndinalumikiza ndine

Larnaca, 3 Meyi 1998

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino. Mawondo aja akuvutabe? Ine m'thupi ndili bwino, ntchito ya kudoko ikuyenda, koma mtima suli m'malo.

Pa foni paja ndinakunamizani. Ndinati galimoto ya malemu Bambo yangofa yokha ndi ukalamba, inu n'kumanditonthoza, mukuti Bambo ankachikhulupirira mopitirira muyeso chingolo chachingerezi chija. Mawu amenewo akundivutitsabe mpaka lero.

Galimotoyo sinalakwe kanthu. Munandibwereka kuti ndiziyendera Lamlungu lokha, koma ine ndakhala ndikupita nayo kuntchito tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi iwiri. Sinandisiyepo panjira, ngakhale m'mvula ya Januwale pamene zatsopano za anzanga zinkakana kulira. Sabata yathayi ndinagula batire latsopano n'kulilumikiza mothamanga, mmene timachitira ndi galimoto za masiku ano. Chonsecho zakale za ku England zija mawaya ake amalowa mosemphanitsa. Bambo anachita kulemba zimenezi ndi penti wofiira pambali pa injini. Ine ndinawerenga utsi utatuluka kale.

Makaniko wa kuno, a Pambos, anandifunsa ngati kusukulu ndinkangopitira kudya. Kenako anasisita chitseko cha galimotoyo n'kunena kuti, "Agogo awa ayenda zaka makumi anayi osadwalapo, iwe wawapha ndi sipanala imodzi." Akuti dainamo, chipangizo chodzaza moto m'batire, yapsa, ndipo yamtundu umenewu mumzinda muno mulibe.

Pempho langa ndi limodzi. M'kanyumba ka kuseri kaja Bambo ankasungamo bokosi la zipangizo za galimotoyi. Achimwene a Sotiris alitumize pa basi ya Lolemba, mwina muli dainamo ina. Ukwati wa mlongo wanga Evanthia watsala masabata atatu, ndipo mukukumbukira kuti Bambo ali m'chipatala anamulonjeza kuti adzapita kutchalitchi pa galimoto yomwe inakunyamulani inu pa ukwati wanu. Chonde musamuuze. Ikakanika kudzuka ndidzabwera kudzamuuza ndekha pamaso.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Maroulla, amalume a Fotis, alamu anga ndi ana onse. Evanthia ndinayankhula naye dzulo. Anaimba ali wosangalala, kufunsa kuti pa galimotopo tidzamangirire maliboni amtundu wanji. Ndinamuyankha kuti oyera.

Tsalani bwino, Amayi.

Ine mwana wanu amene wakuchititsani manyazi,
Neofytos