Chingwe Changa Chinanamiza Tariro

Kadoma, Lamlungu

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, bondo langa lokha ndilo likuvuta.

Mwana wanga Tariro anafuna kusiya kuthamanga. Ataona liwiro la mayi wina wothamanga wa ku Kenya pa TV, analira: "Baba, ine ndimachedwa, sindingafikeko." Ndinamupempha ayesenso kamodzi. Dzulo ku Chegutu anapambana mpikisano wa mamita 800, nthawi yake inatsika ndi masekondi 14.

Ndinadabwa, choncho lero ndayeza chingwe chimene ndinayezera bwalo lomwe amakonzekerapo. Ndinkati ndi mamita 10, chikhalirecho ndi 11. Chaka chonse mwanayu wakhala akuthamanga mamita 880 m'malo mwa 800! Nditamuuza, waseka mpaka kukhala pansi: "Baba, ndibwezereni misozi yanga!"

Nsapato zake zothamangira zija musagule kaye, chonde tumizani tepi yoyezera. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Yohane