Abwere Adzagwire Mbali Inayo ya Nsalu

Achemwali,

A Kalaliki, akulu athu aja, ndi amene andigwiritsa cholembera lero. Patha zaka makumi anayi ndi chimodzi ndisanawapatse moni, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Koma ndisayambe ngati munthu wosaleredwa. Muli bwanji kumeneko? Mawondo aja akukulolani kuyenda? Nanga alamu, shuga wawo watsika? Ine kuno ndilipo, koma ndikati ndili bwino ndiye kuti ndanama.

Mundikhululukire zilembo zokhotakhota. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, tsono pano dzanja nalo layamba zake. Ndikulemba mizere iwiri, kupuma, kulembanso. Mwana wanga, Mphunzitsi uja, amafuna kuti ndizinena iye azilemba pa foni. Ndakana. Mawu awa ndi anga.

Za kuno palibe zachilendo. Chikepe cha m'nyumba imene tikukhala chinafa miyezi iwiri yapitayo, eni nyumba akungoti mawa, mawa. Ife tili pamwamba, masitepe makumi atatu ndi asanu ndi limodzi. Kale sindinkadziwa n'komwe kuti ndi angati.

Matenda aja afika m'mafupa. Dokotala anatiitana tonse awiri, ine ndi Mphunzitsi, m'kachipinda kake, anatseka chitseko, n'kukhala pansi. Ine ndagwira ntchito yonyamula odwala m'chipatala zaka makumi atatu, ndikudziwa kuti dokotala akatseka chitseko n'kukhala pansi, nkhani yatha. Anati mankhwala ochiza palibenso, atsala ndi oletsa ululu, ndipo tiyambe kuyang'ana malo amene amasamalira anthu ngati ine mpaka tsiku lawo. Kuno amati hosipisi. Anatilembera malo atatu papepala. Mphunzitsi analira njira yonse. Ndinamuuza kuti misozi aisunge kaye, tiyambe taona malowo, chifukwa ngakhale nsapato munthu amayamba wayesa.

Malo oyamba ndi okongola, sindikana. Pansi pake mukhoza kudziyang'anirapo nkhope. Chipinda chilichonse chili ndi wailesi yakanema, panja maluwa ndi mipando ya pamthunzi. Anatilandira bambo wina wa tayi, wonunkhira mafuta, amene ankanditchula kuti agogo pa mawu aliwonse. Anatipatsa kabuku ka zithunzi za nkhalamba zikuseka, mano oyera okhaokha, ngati palibe wodwala. Mphunzitsi anakopeka. Akundikankha pa njinga ya odwala m'khonde lalitali, ankandinong'oneza kuti ababa, pano ndiye pano.

Tili m'khondemo, belu linalira m'chipinda china. Wa tayi anapitiriza kufotokoza za maluwa. Ine ndinayamba kuwerenga mumtima, monga tinkachitira ku wodi. Tinakafika kumapeto kwa khonde, kubwerera, belu likulirabe. Ndinamufunsa kuti Loweruka ndi Lamlungu pamakhala anamwino angati. Anati okwanira. Ndinati kodi okwanira ndi nambala yanji? Anaseka, nauza Mphunzitsi kuti agogowa ndi ovuta. Nditamupanikiza anavomera kuti namwino amakhala mmodzi ndi womuthandiza mmodzi, mabedi makumi awiri ndi anayi.

Kenako ndinachita chinthu chimene Mphunzitsi akundinenabe nacho mpaka lero. Chitseko china chinali chotsekula, mkatimo mkulu wina ali maso, akuyang'ana kudenga. Ndinamupatsa moni n'kumupempha kuti ndione mapazi ake. Analola. Ndinavundukula bulangete kumiyendo. Chidendene chakumanzere chinali chitada kale, chofewa ngati chipatso chogwa chokha. Achemwali, malo otere musamayang'ane makoma, muziyang'ana zidendene. Munthu akagonera mbali imodzi osatembenuzidwa, thupi limayamba kuola pamene lagunda matiresi. Wa tayi anati zimene ndachitazo n'zosaloledwa, ndipo anatiperekeza msanga mpaka pageti. Kabuku kake ndinakasiya pampando.

Achiwiri alibe nyumba yogonekamo anthu, amabwera kwanu. Kunabwera mayi wina wofatsa ndi chikwama chake, anakhala m'mphepete mwa bedi langa, n'kundifunsa pamene pakuwawa, osathamanga. Anayang'ana mankhwala anga onse, napeza kuti awiri ndimamwa molakwika. Anati iwo amabwera kawiri pa sabata, amabweretsa mofini woletsa ululu, amaphunzitsa abale kusambitsa ndi kutembenuza wodwala, ndipo ukaimba foni nthawi ina iliyonse munthu amayankha. Ndinamukonda mayi ameneyu. Kukanakhala kusankha ndi mtima wokha, ndikanafera pabedi langa lomweli, pafupi ndi zenera limene ndimaonerapo anthu akuthamangira basi.

Koma naye anaona masitepe athu, anamva kuti Mphunzitsi amachoka m'mawa kubwera dzuwa litapendeka, nafunsa kuti masana ndimatsala ndi ndani. Ndinati ndi wailesi. Anati wailesi sitembenuza munthu. Mphunzitsi anati asiya ntchito. Ndinamukalipira pamaso pa mlendo. Ana makumi asanu atsale opanda mphunzitsi chifukwa cha nkhalamba imodzi? Mayiyo sanatinyengerere. Ananena yekha kuti pakadali pano angatithandize, koma miyendo ikadzasiyiratu ndidzafunika anthu awiri pafupi nthawi zonse, ndipo iwo anthu otero alibe.

Malo achitatu tinatsala pang'ono kuwapitirira, chifukwa chikwangwani chake chinafufutika. Nyumba yakale, utoto ukusupuka, makatani osiyanasiyana ngati anachita kupemphetsa khomo ndi khomo. M'chipinda mumagona anthu anayi. Chimbudzi chili kumapeto kwenikweni, dokotala amabwera kawiri kokha pa sabata, ndipo chakudya chawo ndinalawa, mchere unangodutsa pakhomo. Mphunzitsi anakwinya nkhope.

Koma fungo lija la zilonda za pabedi kunalibe. Inu simungalidziwe, ine ndimalimva ndisanalowe. Ndipo kumiyendo kwa bedi lililonse kunali pepala lolembedwa nthawi, eyiti, teni, thwelofu, pambali pake kumanja, chagada, kumanzere, ndi masiginecha a anthu awiri. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Itangokwana teni analowa namwino wamkulu, mayi wamfupi wa mawu ngati msilikali, ndi mnzake. Anaima wina uku wina uko, anagwira nsalu yopingasa imene amayala kunsi kwa wodwala, nawerenga mpaka katatu. Munthu anatembenuka ngati khanda, osabuula. Pilo ina pakati pa mawondo, ina kunsi kwa akakolo kuti zidendene zisagunde matiresi. Ine, achemwali, ndinamva misozi. Ndi momwe tinkachitira.

Wodwalayo anali dalaivala wa malole. Anandichenjeza kuti ndisalowe m'nyumba imeneyi ngati ndimakonda tulo, chifukwa munthu amakuzunguza ngati tayala. Wamfupi anamuuza kuti akapitiriza kudandaula amulowetsa rivesi. Nditayamba kupempha kuti ndione mapazi, Wamfupi sanadikire kuti ndimalize. Anavundukula yekha, nati ndione a onse anayi ngati eni ake alola. Zidendene zinali zosalala ngati za mwana. Anandifunsa kuti ndinagwira wodi iti, popeza anthu wamba safunsa za mapazi. Anandiuzanso kuti mankhwala a ululu amapereka pa nthawi yake, sadikira kuti munthu ayambe wakuwa, ndipo m'bale akafuna kugona pomwepo amamuyalira pambali.

Sindikudziwa chimene chinandigwira, ndinayamba kumufotokozera za amayi. Momwe anafera ziwalo mbali imodzi, inu muli kutali kubanja ndi khanda, ine ndili kuno ndi zaka ziwiri pa ntchito. Momwe a Kalaliki, amene anatsala nawo pakhomo, anandilembera makalata atatu ndi zilembo zawo zokongola zija, kuti amayi akupeza bwino, ayamba kuyenda ndi ndodo, usadzivute kubwera. Yachinayi inali ya maliro. Momwe ndinafikira n'kupeza matiresi a amayi atatayidwa kuseri kwa nyumba. Ine matiresi ndimawerenga bwino kuposa kalata. Panali mawanga atatu, limodzi la pamsana m'munsimu, awiri a zidendene, ozama, osasuntha malo. Amayi sanayende ndi ndodo. Anagona chagada mpaka kuola. Ndipo mukukumbuka zimene ndinanena anthu onse akumva, kuti a Kalaliki apha amayi. Iwo sanayankhe. Mpaka lero sanayankhe.

Ndinkayembekezera kuti Wamfupi apukusa mutu n'kugwirizana nane. M'malo mwake anandifunsa kuti a Kalaliki anawadwazika amayi miyezi ingati. Ndinati isanu ndi iwiri. Anafunsa kuti ankathandizana ndi ndani. Ndinati panalibe, chifukwa nthawi imeneyo anali asanakwatire, ndipo ku ofesi ankapitabe. Anafunsanso ngati alipo amene anawaphunzitsa za nsalu ija ndi mapilo. Ndinati munthu wa sukulu ngati iwo akanadziwa. Anati iye waona maloya ndi abusa akulira pambali pa bedi chifukwa chosadziwa pogwira. Mwana wamwamuna kusamalira mayi ake ali yekha, ndi manyazi ake, ndi msana wake umodzi, miyezi isanu ndi iwiri, iye sangamutche wakupha. Anati ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, ndipo ineyo ndikudziwa.

Ndinamuuza kuti anamwino a masiku ano alibe ulemu.

Ndikudziwadi, achemwali. Chondiwawa ndi chomwecho. Wachiwiriyo ndinali ine. Zilonda zija tsopano ndazimvetsa. Sindikuti ndakhululuka, ndikuti ndazimvetsa. Koma makalata aja ayi. Akanalemba mzere umodzi wokha, kuti mphwanga zandikanika, bwera, ndikanasiya machira pakhonde n'kukwera basi tsiku lomwelo. Ndatembenuza amayi a anthu osawerengeka, ena osawadziwa n'dzina lomwe, koma amayi anga sindinawagwire ngakhale kamodzi. Kaya anali manyazi a munthu wophunzira kupempha mbuli ngati ine, kaya ankaopa kuti ntchito indithera, kaya amayiwo ndi amene anawaletsa, sindikudziwa. Kuti mutu umodzi susenza denga ankadziwa iwo kuposa ine.

Nanenso ndinene changa, popeza nthawi yobisa yatha. Munthu wofa ziwalo sayenda ndi ndodo mwezi wachiwiri. Zimenezi ndinkaziona tsiku ndi tsiku ku wodi. Makalata aja ndinawakhulupirira msanga chifukwa kukhulupirira kunali kosavuta kuposa ulendo. Izi sindinauzepo munthu.

Tasankha malo achitatuwo. Bedi lapezeka, ndikalowa Lolemba. Lili pafupi ndi la dalaivala uja, ndiye phokoso sindikasowa. Mphunzitsi akudandaulabe za makatani, wati asoka ena. Pa fomu yawo pali funso lakuti ndi abale ati amene wodwala akufuna kuti abwere. Walemba dzina lake ndi lanu. Mzere wachitatu ndamuuza kuti ausiye kaye.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana anu onse ndi zidzukulu, ndi kwa azakhali ngati makutu akumvabe. Akapanda kumva, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Mphunzitsi akupereka moni kwa asuweni ake. Inuyo musadzikakamize ulendo ngati mawondo akukana, mtima wanu ndimaudziwa.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo mupite nalo nokha, musatume munthu. Mukawauze a Kalaliki kuti abwere. Sindikufuna kuti apepese, nanenso mwina sindipepesa. Ndikufuna kuti tsiku limodzi, ikakwana nthawi yonditembenuza, Wamfupi aime mbali iyi, iwo aime mbali inayo, agwire nsalu. Ndamufunsa kale, wavomera. Wati ngati manja awo akunjenjemera adzagwire ngodya yokha, kwinako adzathandiza mnzake uja. Akatero akhoza kukwera basi yamasana n'kubwerera. Akafuna kukhala, mpando ulipo.

Dokotala wati miyezi itatu. Ine ndanyamula anthu ambiri amene anauzidwa miyezi itatu. Muwauze abwere mwezi uno.

Ndatha ine mlongo wanu,
uja mumamutcha Machira