A Kobina Onse M'kabati Imodzi

Saltpond,
14 Julaye, 1992.

Okondedwa achimwene a Kobina,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi alamu anga a Heike amene nkhope yawo ndimangoidziwira pachithunzi. Kuno Ambuye akutisunga. Amayi mwendo uja unasiya kutupa, ndipo nsomba zayamba kutuluka, moti tauni yonse ikungonunkha utsi.

Kalata yanu ndinailandira pa 2 Juni, ndipo ndikudziwa kuti maso anu ali kunjira. Munapempha chinthu chimodzi chokha, chikalata cha ubatizo wanu, poti abusa a ku Bremen akuti popanda icho sangadalitse ukwati wanu pa 29 Ogasiti. Munalembanso kuti, "Kwa iwe Kukua ndi ntchito ya mphindi zisanu, si ndiwe mlembi wa mpingo?" Munanena zoona. Inali ntchito ya mphindi zisanu. Ndikupemphani muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye, chifukwa ine ndemwe sindikumvetsa bwino pamene ndinalakwira, ngakhale ndikudziwa kuti ndinalakwa.

Chaka chatha mpingo wina wa kunja unatipatsa kompyuta. Abusa a Dadzie anati ntchito yake yoyamba ikhale kupulumutsa kaundula wa ubatizo, uja wa 1955 mpaka 1962, amene njenjete ndi chinyezi zinali zitamudya m'mbali. Anaitana aphunzitsi a Eshun, a masamu aja a kusekondale, kuti andiphunzitse. Tsiku loyamba atayatsa makinawo, galasi lake linali bii, pakona pali kamzere kakungophethira. Anayamba kutayipa timawu tachilendo mofulumira, makinawo n'kumawayankha. Ine ndinatulutsa kope kuti ndizilemba.

Iwo anaseka. "Mwanawe, tseka kopelo. Wokwera basi saphunzira injini. Mawu olamulira awa ndi athu. Iwe ndikukonzera khomo lako."

Anandikonzeradi. Ndikayatsa, pankabwera mizere itatu: 1 kulemba, 2 kusunga, 3 kuitana ndi kusindikiza. Ndinaona kuti ndi chifundo chachikulu, ndipo Lamlungu lake ndinawapempherera potchula dzina.

Posunga, makinawo ankafunsa dzina, koma osalola zilembo zopitirira zisanu ndi zitatu. Tangoganizani achimwene, Ebenezer Essilfie angalowe bwanji pamenepo? Ndiye ndinayang'ana mzere wa mayina a kunyumba m'kaundulamo, ndinaona kuti onse akukwana. Wobadwa Lachiwiri ndi Kobina, wa Lachitatu ndi Kweku, mtsikana wa Lamlungu ndi Esi, basi. M'mutu mwanga ndinkaona ngati dzina lililonse ndi kabati, ndipo ndikuika a Kobina onse m'kabati imodzi, wina pamwamba pa mnzake. Nanga kuno alipo amene amasokoneza Kobina wa atelala ndi Kobina wa osema mabwato? Mayi akaima pakhomo n'kufuula dzinalo, amathamanga ndi wake yekha, ena onse amapitiriza mpira.

Nditafika pa Kobina wachiwiri, makinawo anafunsa funso m'Chingerezi chawochawo, n'kuika Y ndi N. Ndinathamangira aphunzitsi, ndinawapeza atakwera kale njinga. Sanatsike. Anati, "Ikakufunsa, dina Y. Imangofuna kudziwa ngati uli maso." Ndinadina Y miyezi khumi ndi inayi, ana 612, ndikuimba nyimbo.

Tsopano apa ndi pamene pakundiwawa. Tsiku limene kalata yanu inafika, kaundula anali pashelefu m'chipinda cha abusa kutchalitchi, wathunthu. Ndikanatha kumutsegula n'kukopera ndi cholembera. Koma ndinafuna kuti azungu a ku Bremen aone kuti nafenso tili ndi makina, ndipo nsalu ya inki ya chosindikizira inali itatha, tikudikira ina kuchokera ku Accra. Ndinati ndidikire. Sabata yomweyo wosamalira tchalitchi anandiuza kuti denga likudontha pamwamba pa shelefu, tisamutsire mabuku kunyumba kwa abusa. Ndinamuyankha ndi pakamwa pangapa kuti, "Musavutike bambo, zonsezo zili m'makina." Mvula inagwa kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba. Pamene tinkamutsitsa, kaundula anali ngati phala, inki yonse itasungunuka. Abusa anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Tithokoze Mulungu chifukwa cha manja a Kukua."

Nsalu ya inki itafika ndinadina 3, n'kulemba KOBINA. Panabwera Kobina mmodzi, mwana wa osema mabwato, wobatizidwa mu Disembala 1962. Ndinayesanso, yemweyo. Ndinazimitsa, ndinapemphera, ndinayatsanso, yemweyo. Ndinkaganiza kuti enawo ali pansi pake ndipo ine sindikudziwa kakwezedwe kake, choncho ndinaitana aphunzitsi popanda mantha alionse.

Anabwera akutafuna mtedza. Anatseka khomo langa lija, galasi linadanso, n'kutayipa zilembo zitatu zokha, D, I ndi R. Panatsika mndandanda waufupi. Anasiya kutafuna.

"Ena onse ali kuti?"

"Ali m'katimo, aphunzitsi."

"M'kati mwa chiyani?"

"M'makabatimo. A Kweku kwa a Kweku, a Esi kwa a Esi."

Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anawerenga ndi chala pagalasipo: amuna asanu ndi awiri, akazi asanu ndi awiri, ndi mayina awiri a mapasa. Anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi. Kenako anandiuza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, kuti makinawo sadziwa kabati. Dzina limodzi, munthu mmodzi. Funso lija linkati, pali kale Kobina pano, ndimufufute? Ndipo ine, achimwene, ndinavomera. Inu ndinakufufutani ndekha chaka chatha, mwina mu Okutobala, kuti ndiikepo Kobina wotsatira.

Ndinafunsa ngati palibe mawu ena olamulira obwezera anthu. Anati alipo a munthu amene wangochotsedwa, koma osati amene pamalo pake pagonapo anthu makumi asanu.

Tili pomwepo analowa azakhali a Maanan, atasenza nsomba zowamba za kwa abusa. Mukuwadziwa, khutu lawo silidutsidwa.

"Kwagwanji? Mwanayu bwanji maso ali psuu?"

Aphunzitsi anafotokoza, koma mokhala ngati nkhaniyo inayambira pa mayina athu. Azakhali anatula dengu.

"Imani kaye aphunzitsi. Timawu mwalembato n'tingati?"

"Zilembo zitatu, mayi."

"Zitatu. Ndiye zimaonetsa zimene zili m'katimo?"

"Eya."

"Nanga mwanayu munamuphunzitsa?"

"Mayi, mlembi safunika zimenezo. Ndinkamupeputsira ntchito."

"Mwamupeputsiradi, taonani mmene wapepukira! Ine mtsikana ndikamuika pa uvuni wowambira nsomba, choyamba ndimamuphunzitsa kukweza chivundikiro n'kusuzumira. Apo ayi adzawamba makala mpaka Khirisimasi. Inu munatseka chivundikiro, kiyi n'kuika m'thumba la jekete."

"Ndikanamupatsa mawuwo akanafufuta zonse tsiku limodzi."

"Pano wafufuta masiku angati?"

Aphunzitsi anatenga chipewa chawo. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Komanso ndani anamuuza kuti dziko lonse lili ndi mayina khumi ndi anayi?" Azakhali anawayankha powatchula dzina lawo la kunyumba kuti, "Inu a Kweku, pitani bwino, a Kweku anzanu akukudikirani m'kabati."

Ndinaseka, achimwene, misozi ili m'masaya, ndipo ndikuchita manyazi kuti ndinaseka.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti mawa lake aphunzitsi anabweranso ndi pepala lodzaza mawu olamulira makumi awiri, akuti ndiwaloweze ngati katekisimu, chifukwa munthu wosawadziwa sayenera kukhudza makina. Ndisanamalize n'kukopera komwe, anayamba kundiuza kuti ku Accra aona makina atsopano a zithunzi, oloza ndi kanthu kokhala ngati mbewa, ndipo pakatha zaka ziwiri palibe adzafunenso mawu amenewa. Ndiye ndiloweze kapena ndisaloweze? Ndinawafunsa ngati makina a zithunziwo amadziwa kusiyanitsa a Kobina. Anati ayi, nawonso amangofunsa. Kwanuko mumagwiritsa otani? Kodi akazi a m'maofesi a ku Bremen amasuzumira m'kati, kapena nawonso anawakonzera khomo? Ndikufunsa moona, chifukwa usiku ndi usana ndikuyesa kupeza ngati tchimo langa ndi umbuli, kunyada, kapena kumvera. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kumvera ndi kwabwino.

Pali china choipa kuposa apa. Ndinapempha aphunzitsi ndi azakhali kuti asauze abusa, ndikawauza ndekha. Sindinapite. M'malo mwake ndinafunsa amayi mochenjera za ubatizo wanu. Akukumbukira nsalu imene anavala, akukumbukira kuti munalira mpaka kukodzera mkulu wa mpingo, koma tsiku ayi. Akuti anakubatizani abusa otsimphina aja. Azakhali akuti bodza, anali a njinga yamoto. Ndinasankha otsimphinawo, ndinasankha Lamlungu lina la mu 1958, ndinapeka nambala ya tsamba, n'kusindikiza chikalata chokongola kwambiri. Ndinachilowetsa pakati pa makalata ena, ndipo abusa anasaina osawerenga, akundifunsa za mwendo wa amayi.

Chinakhala m'Baibulo langa masiku asanu ndi anayi. Kawiri ndinafika nacho pa positi ofesi. Ndinkadziuza kuti munabatizidwadi, Mulungu analipo, nanga tsiku ndi chiyani? Koma Lamlungu la Mgonero, anthu akupita kutsogolo, ine ndinatsalira pampando. Amayi anandigwedeza, "Iwe, wagona?" Ndinati m'mimba.

Lolemba ndinakagogoda kwa abusa, ndinaika chikalatacho patebulo n'kuwauza zonse, kuyambira pa Y mpaka pa siginecha yawo. Kenako anafunsa kuti, "Ana angati?" Ndinati 612. Anati, "Ndipo iwe wabwera chifukwa cha mmodzi." Zinali zoona. Chikalatacho anaching'amba pakati n'kundipatsa zidutswazo kuti ndikataye ndekha. Za ntchito yanga akuti akuluakulu a mpingo akambirana mwezi wamawa. Lamlungu likubwerali alengeza paguwa kuti onse obatizidwa zaka zimenezo abwere ndi mboni kudzalembetsanso, ndipo ine ndidzakhala pakhomo ndi kope ndi cholembera. Anthu adzafunsa chifukwa chake. Sindikudziwa kuti nkhope ndidzaiika pati.

Ndiye chimene mupeze m'envulopumu si chimene munapempha. Ndi kalata ya abusa yonena kuti kaundula anaonongeka ndi mvula, ndi umboni wa akuluakulu awiri amene analipo tsikulo, ndi chidindo cha chala cha amayi. Palibe tsiku, palibe nambala ya tsamba. Abusa akuti mpingo wina umalandira zotere, wina umakana, ndipo a kwanuko sakuwadziwa. Chonde pitani nayo msanga, musadikire sabata yomaliza. Akakana, muwauze alamu anga kuti si inu munazengereza, ndi mlongo wanu, ndipo mundipatse keyala ya abusawo ndiwalembere ndekha. Mwina mudzati ndikanangotumiza chija, ndani akanadziwa? Nanenso ndimadzifunsa zomwezo m'mawa uliwonse. Sindikukuuzani kuti ndinachita bwino. Ndikungokuuzani zimene ndinachita.

Azakhali akupereka moni, akuti mkazi wachizunguyo mumuphunzitse kudya tsabola asanafike kuno. Aphunzitsi a Eshun akupereka moni, ngakhale sindinawauze kuti ndikulemba. Amayi akupereka moni waukulu. Iwo akuganiza kuti anadinda chala povomereza ukwati, ndipo anasangalala, sanafune n'kusamba inkiyo tsiku lonse. Nsalu ya pa 29 Ogasiti anagula kale, akuti adzaivala kuno ndi kukhala pakhonde nthawi imene inu mudzakhale mukulowa m'tchalitchi, ndiye mutiuze ola lake. Dzulo anandiuza kuti ndikukumbutseni kuti patsamba lanu m'kaundula anasainapo ndi malemu bambo, ndi dzanja lawo, atayeserera sabata yonse pamchenga, ndipo mukadzabwera ndi mkazi wanu ndidzakutsegulireni mukaone. Ndinaliona dzanjalo, achimwene, tsiku limene ndinkakutayipani. Zilembo zake zinali zazikulu, zopendekera kumanzere. Amayi ndinawayankha kuti chabwino.

Mundipempherere, ndipo mundiyankhe ngakhale mutakwiya.

Ine mlongo wanu,
Kukua.