Zomwe Ndinadyetsa Ana a kwa Marta

26 Maio, Lolemba

Chiperoni kuyambira m'mawa. Phiri la Tumbine silinaoneke tsiku lonse. Zochapa zili m'nyumba, zikununkha chinyezi.

Marta anabwera masana, nkhope yonse mano okhaokha. Amuna ake, a Yonasi, avomera. Phwando la tsiku la ana lidzakhala pakhomo pawo Lamulungu, pa 1 Junho. Ana onse a kumpingo kwawo kwa a Sabata, makumi anayi ndi awiri. Zotsekemera ndipange ine. Ine Alzira, Mkatolika wokonda nkhumba yootcha, kudyetsa ana a mkulu wa mpingo wa Sabata! A Nicolau anga aseka mpaka kutsamwa.

Akuti zamutengera sabata ziwiri kuwanyengerera bambowo. Chilichonse cha m'paketi salola chilowe m'nyumba asanawerenge okha. Marta anachita kutenga paketi yanga yakale ya mashimalo, maswiti ofewa ngati thonje aja, kukawaonetsa chidindo cha Asilamu chonena kuti mulibe za nkhumba. Paja mashimalo ena amaikamo jelatina wa nkhumba kuti azitanuka. Atawerenga anangoti, "Ngati ndi amenewa, ndipo ngati ndi Alzira."

Ngati ndi Alzira. Ndanyada, sindinama. Marta ndinadziwana naye kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi tili atsikana opanda nsapato. Tinabwerera kuno ku Milange pa lole imodzi.

28 Maio, Lachitatu

Ku Muloza pa kabaza. Matope mpaka m'mawondo. Kusitolo ya Msilamu kumene ndimagula mashimalo ndapeza mapaketi asanu ndi atatu okha, ndasesa onse. Amayi a mbali zonse ziwiri za malire akugula za ana, ngati kuti kulengezedwa njala ya shuga.

Mabisiketi a bolasha, majarini, maswiti ofiira a sitiroberi, koko wopala, kokonati uja wa ku Quelimane. Zonse zilipo.

Anthu amadabwa kuti ndimapanga bwanji popanda uvuni. Palibe chodabwitsa. Majarini m'poto, moto wa makala otsala pang'ono kuzima, mashimalo asungunuke pang'onopang'ono, mthiko osauleka. Maswiti osinja m'kamtondo kuti apereke fungo ndi mtundu. Bolasha wophwanya ndi botolo. Kutsanulira m'thireyi, kupsinja ndi manja opaka majarini, kudikira zizizire, kudula timabokosi, kugubuduza mu koko. Basi. Chinsinsi chonse ndi moto wochepa ndi mtima wodekha. Ine ndili ndi chimodzi mwa ziwirizi.

30 Maio, Lachisanu

Ndapsereza. Onse asanu ndi atatu.

Ndinafuna kumaliza msanga, ndiye ndinathira zonse m'poto mmodzi wamkulu, makala ali ofiira psuu. Kenako Dona Carolina wa kuseri kwa msika anaima pachipata kufunsa ngati ndingawapangirenso a kwawo. Ine m'malo moyankha mwachidule ndinayamba ulaliki. Kuti m'Milange yonse palibe wina amadziwa ntchitoyi. Kuti mpaka a Sabata amandikhulupirira. Ndikulalikira choncho, utsi uku ukutuluka m'khitchini.

Pansi pa poto bii. Pamwamba pooneka bwino, koma kulawa ndi utsi wokhawokha, kuwawa ngati mankhwala a malungo. Chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Ndinalira pang'ono, kenako ndinakwecha poto. Mawa ku Muloza m'mamawa. Dzuwa lalowa, Sabata la Marta layamba, foni yake yazima mpaka mawa madzulo.

31 Maio, Loweruka

Ku Muloza kulibe. Masitolo anayi, kulibe. Msilamu uja akuti katundu afika Lachitatu.

Pobwerera ndinalowa m'loja ina, sitolo ya m'tauni muno. Alimo, mulu. Oyera ndi apinki, otsika mtengo kuposa a ku Muloza. Ndinatembenuza paketi. Gelatina de porco, jelatina wa nkhumba. Zolembedwa bwinobwino, ngakhale wa sitandade wani akhoza kuwerenga. Ndinaibweza pashelefu. Ndinatuluka. Ndinafika mpaka pamalo okwerera shapa, maminibasi athu aja, ndinaima, ndinabwerera.

Ndilembe zoona, buku ili saliwerenga munthu. Sindinasocheretsedwe. Ndinawerenga, ndinamva, ndinagula.

Njira yonse ndimadziuza kuti foni ya Marta ndi yozima, ndikanamufunsa bwanji. Kuti ana makumi anayi ndi awiri akudikira. Kuti ndi kafumbi chabe, si nyama, sikalira n'komwe. Koma kwa Marta ndi mphindi makumi awiri pansi, ndipo Sabata siliwaletsa kutsegula chitseko. Ndikanapanga zitumbuwa kapena mbuliwuli wa shuga. Chinandiletsa ndi manyazi, kuti a Yonasi adzati Alzira uja walephera.

Zatuluka bwino kuposa masiku onse. Zofewa, zapinki, zodulika mosanyenyeka. Zimenezi ndiye zandiopsa.

Mapaketi atsopano ndawatentha pambaula. Akale a chidindo aja ndasankha awiri, ndawaika pansi pa dengu la mathireyi, kuti wina akafuna kuona aone.

1 Junho, Lamulungu

Ku Misa yoyamba, kenako kwa Marta ndi dengu pamutu.

Mabuloni pamtengo wa mapeyala. Ana ovala zatsopano, nsapato zina zikadali ndi mtengo wake kunsi. Célia, chitsiriza wa Marta, diresi yachikasu, kuzungulira ngati nguli.

Marta anandilandira dengu kukhitchini. Anavundukula, anati eee, mana, mchemwali wanga, manja akowa. Kenako akupukuta mbale, osandiyang'ana n'komwe, anafunsa, "Ndi aja omwe aja eti?" Kufunsa kwa munthu amene akudziwa kale yankho.

Ndinati omwewo.

Mawu amodzi. Anatuluka mosavuta ngati moni.

A Yonasi anapempherera chakudya nthawi yaitali, ana maso ali pa mathireyi. Atatha anatenga kamodzi, iwo amene sadya za shuga, analuma, anagwedeza mutu. Amayi anawomba m'manja. Célia anadya zinayi, koko mpaka m'makutu, anabwera kudzandikumbatira m'miyendo. "Titiya Alzira, mudzapangenso."

Ine sindinalawe. Ndinati mano akundivuta.

3 Junho, Lachiwiri

Marta wabweza mathireyi otsuka mbee, pamodzi ndi mapeyala khumi ndi chinanazi. Zikomo wake ameneyo.

Akuti kumpingo nkhani ndi ine. Amayi ambiri ana awo anali asanalawepo mashimalo chifukwa choopa zomwezo. Tsopano Marta wawauza onse kuti za Alzira idyani ndi mtima umodzi, iye waikapo mutu wake. Mai Luciana akufuna za tsiku lobadwa la mwana wawo kumapeto kwa mwezi.

Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa. Atapita ndinakhala pakhonde ndi mapeyala aja pamiyendo. Ndikudzimva wakuba, koma sindikudziwa ndinene kuti ndaba chiyani.

M'khitchini mwanga muli poto wa Marta yekha. Zaka zonsezi sanakhudzepo nkhumba. Ndinamugula ndekha chaka chimene analowa Sabata, iye asanapemphe. Ndinkanyadira nazo zimenezo.

5 Junho, Lachinayi

Ndawauza a Nicolau. Ndimayembekeza kuti andikalipira, mwina ndikanapepukidwa. M'malo mwake aseka. "Wafa ndani? Watsegula m'mimba ndani? Khala chete, mkazi iwe, uputa mavu."

Akuti a Yonasi akhala akupuma utsi wa nkhumba yootcha pamsika zaka zonsezi ndipo akadali mkulu wa mpingo. Ndinaseka nawo pang'ono, kenako ndinadana nawo chifukwa chondiseketsa.

Katundu wa ku Muloza wafika. Ndikhoza kupangira Mai Luciana ndi mashimalo oyenera, osadziwika kanthu mpaka kalekale. Njira ilipo, yosalala bwino. N'chifukwa chake chakudya sichikulowa.

7 Junho, Loweruka

Kokalapa. Ndinayamba ndi zing'onozing'ono, miseche, kukalipira a Nicolau. Kenako ndinati ndadyetsa ana nkhumba. A Padre anafunsa moseka ngati inali yoola.

Nditafotokoza bwino sanasekenso. Anati, "Nkhumbayo kwa ife si tchimo, mwana wanga. Koma mnzakoyo anakupatsa chikumbumtima chake kuti umusungire." Malipiro ake si kupemphera korona ayi. Akuti ndipite ndikamuuze.

Ndinapempha kuti andipatse makorona khumi m'malo mwake. Anakana.

9 Junho, Lolemba

Ndinapita. Ndinafika pamtengo wa mapeyala, ndinamva a Yonasi akutsokomola m'nyumba, ndinapitirira ngati ndikupita kuchigayo. Wopanda thumba, wopanda chimanga.

10 Junho

Mvula yowaza. Chifukwa chabwino chokhalira pakhomo. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndikudziwa, ndikudziwa.

12 Junho, Lachinayi

Ndanena.

Ndinamupeza yekha kuseri akusankha nyemba. Ndinakonza mawu ambiri m'njira, za moto, za Dona Carolina, za masitolo anayi. Nditakhala pansi zonse zinathawa. Ndinangoti mashimalo aja sanali omwewo, munali nkhumba, ndinadziwa ndisanagule.

Manja ake anaima m'lichero. Anafunsa za mapaketi a chidindo amene anawaona m'dengu. Ndinati ndinaika dala. Apo ndiye anandiyang'ana. Bola akanatukwana. Bola akanandiponyera nyembazo.

Ndinayamba kunena kuti ana ali bwino, palibe wadwala. Anandidula. "Nkhumbayo inatuluka kale m'mimba mwa ana, Alzira. Koma ine ndinakufunsa."

Ndinamupempha kuti zithere pakati pa ife awiri. Inde, ndinapempha zimenezo, nditangomaliza kulapa bodza loyamba. Anati sangathe. Anauza amayi makumi awiri kuti adye ndi mtima umodzi, ndiye akawauzenso yekha.

Sanandiperekeze. Ndi koyamba.

15 Junho, Lamulungu

Ndamva kwa Mai Luciana, tinakumana pamsika. Sanandilonjere bwino, koma nkhani anandipatsa yonse.

Dzulo Marta anaima kutsogolo kwa mpingo wonse. Ananena kuti zomwe ana anadya pakhomo pake zinali ndi nkhumba. Kuti iye ndiye anawaitana, iye ndiye anatsimikiza, choncho apepese ndi iye. Wina anafunsa ngati wopangayo ankadziwa. Marta akuti anayankha kuti wopangayo anabwera yekha kudzaulula, palibe anamugwira. Sananame, koma anasankha choona chokhacho chimene chikanandiveka nsalu.

A Yonasi anakhala chogwetsa mutu mpaka mapemphero kutha. Kalasi la ana limene Marta waphunzitsa zaka khumi ndi chimodzi alipereka kaye kwa mayi wina. Akuti kaye.

Ine ndinapsereza, ine ndinagula, ine ndinanama. Woima pamaso pa anthu ndi Marta. Ine ndinali pano ndikukazinga mtedza.

Mai Luciana za tsiku lobadwa zija asintha maganizo. Adzaphika mpunga.

19 Junho, Lachinayi

Sabata yathunthu. Foni zii. Ndalemba uthenga katatu, ndafufuta katatu. Pepani wa pafoni ndi wotchipa.

Célia ndinamuona akuchokera kusukulu ndi anzake. Anandikweza dzanja, mnzake wina analitsitsa.

23 Junho, Lolemba

Wabwera.

Cha m'ma teni, dzuwa litangotuluka m'mitambo. Odi wake yemwe uja. Ndinathamanga ndi mpando, anakhala. Anafunsa za a Nicolau, za chifuwa changa, za mtengo wa makala. Ndinayankha zonse mofulumira ngati mwana wa sukulu. Za kalasi lake sanatchule, ine ndinaopa kufunsa.

Ndinalowa m'khitchini, ndinafulula tiyi, ndinaphika mbatata. Mbatata chabe, ya m'munda mwanga, madzi ndi mchere. Ndinabwera nazo ndi madzi osamba m'manja, ndinagwada.

Anayang'ana mbaleyo. Osati mokwiya. Anangoiyang'ana, kenako anati, "Zikomo, mana, ndadya kale kunyumba."

Marta amene tinkanyambita limodzi chitini chimodzi cha nyemba kukampu. Amene amalowa m'khitchini mwanga n'kuvundukula yekha mapoto. Zaka makumi atatu ndi zitatu sananenepo mawu amenewo pakhomo panga.

Koma sanachoke. Anakhala mpaka dzuwa kufika pamutu, anandithandiza kutong'ola chimanga dengu lonse. Ponyamuka anati adzabweranso Lachinayi. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, analola.

Nditabwerera ndinapeza tiyi wake wazizira, ntchentche ili m'mphepete mwa kapu. Mbatata zonse zinayi zili momwemo.

Lachinayi ndiphikenso. Akakana ndidzaphikanso Lachinayi linalo. Sindikudziwa kuti munthu amakana kangati asanayambe kudya.