Amayi Asekanso

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Tsangano tili bwino, ndipo Amayi asekanso, koyamba chimwalirireni Bambo.

Loweruka tinakaonera filimu yoseketsa kwa aneba, ya chikondi pa nthawi ya nkhondo. Chiyankhulo chake sitinamvepo kanthu. Ine ndinkaopa kuti kulira kwa mfuti kuwakumbutsa Amayi zomwe anathawa ku Mozambiki. Koma msilikali wam'filimuyo atabisa bwenzi lake m'thumba la ufa, Amayi anaseka mpaka misozi.

"Zimenezi n'zochepa!" anatero. "Bambo anu anandiolotsa malire m'thumba la kachewere, kenako n'kundiiwala pangolo, iwo akucheza ndi asilikali!"

Chonde muwaimbire Lamlungu, akufuna akusimbireni okha. Mulungu akusungeni kutaliko.

Ndine mng'ono wanu wokusowani.